Mmene Ndinatsikira mu Sitima ya ku Durban

Munthu akandimwetulira ine ndimayang'ana manja ake. Khalidwe limeneli sindinalitole pa sitima ayi, ndinachoka nalo kwathu kufupi ndi Mtenguleni, koma sitima ndiyo inalikulitsa. Kumeneko kumwetulira ndi ntchito, anthu amadyera pomwepo.

Amuna anga atamwalira ndinalowa ntchito ku Chipata, m'nyumba ya mzungu wokalamba, mkazi wamasiye wa mlimi wa fodya. Tonse tinkangoti a Dona. Ndinkawasambitsa, kuwaveka ndi kuwakumbutsa mapiritsi. Chinyanja ankachidziwa, chija cha m'khichini chotchula aliyense kuti iwe. Miyendo itayamba kuwakana, mwana wawo wa ku Durban anabwera kudzawatenga, koma iwo anati sapita popanda ine. Mwanayo anandilonjeza malipiro abwino, nati ndi kanthawi chabe, akapeza wina ndibwerera.

Chondigwira mwendo chinali chimodzi: Dailesi, mdzukulu wanga, mwana wa malemu mwana wanga wamwamuna. Amake nawonso anali atatsatira. Kwathu kwa Angoni mwana ndi wa kuchimuna, ndipo ng'ombe za malowolo zimalowa m'khola la kuchimuna. Alamu anga a Miti, akulu ake a malemu amuna anga, ankamuyang'ana mwanayo ngati mmene amayang'anira thole pamsika. Ndinamusiya kwa mng'ono wanga Esinati, wokwatiwa mudzi wachiwiri, mayi wa pakamwa poti a Miti ankapaopa kuposa apolisi.

"Pita ukagwire ntchito," anatero Esinati. "Ine ndili moyo, mwana uyu sakwatiwa. Aphunzira."

Ku Durban sitinakhalitse m'nyumba. Mkazi wa mwana wa a Dona, bwana wanga watsopano, sankafuna fungo la mankhwala a apongozi ake. Ndiye bwanayo anatigulira malo m'sitima ya pamadzi, ija yonyamula anthu okasangalala kuzilumba. Inkazungulira masiku angapo n'kubwerera ku Durban, anthu n'kutsika ndi masutikesi awo, ena n'kukwera. Ife ayi. Ulendo ukatha wina unkayamba, ife tili m'chipinda chomwecho cha kawindo kosatseguka. Pasipoti yanga inali ku ofesi ya m'sitima, ndipo ankati woitulutsa ndi amene amalipira bilu. Bwanayo anandiuzanso kuti chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinatha, ndikangoponda pansi apolisi andigwira. Kaya zinali zoona, kaya ayi, sindinayese. Nyengo ya maulendo ikatha ankatisunga kanthawi m'kanyumba ka kuseri kwawo, geti yokhoma, kenako n'kutibwezeranso pamadzi. Chimanga chinakololedwa kwathu kangapo ine ndikuzungulira.

Popeza ndinakhalitsamo, malamulo a m'sitima ndimawadziwa kuposa a m'tchalitchi, ndipo amene adzakwere amve.

Madzulo aliyense ali ndi tebulo lake, ndipo amene wakhala naye tsiku loyamba udya naye mpaka ulendo utha. Ngati sakukusangalatsa, pempha kusintha tsiku loyamba lomwelo, mawa lake akuuza kuti malo adzaza. Ife anatiika pafupi ndi chitseko cha kukhichini, kuseri kwa nsanamira, kuti mayi wakuda wodulira gogo nyama asaonekere patali. Mafoloko ndi mipeni amandandalika ngati zida za kuchipatala. Yamba ndi zakunja, uzilowa mkati. Chakudya ndi chaulere, ukafuna mbale ina pempha, palibe akudabwe. Koma chilichonse chotuluka m'botolo ndi cholipira, ngakhale madzi. Weta akafunsa mwaulemu kuti madzi amtundu wanji, nena kuti a m'jagi.

Ndalama m'sitima siigwiridwa m'manja. Amakupatsa khadi, ukatenga kanthu umangosaina, ndipo mtima supweteka chifukwa sunaone chikutuluka. Umadzapweteka mmawa wotsika, bilu atailowetsa pansi pa chitseko. Ndaona amuna akuluakulu akutukwanizana ndi akazi awo m'makonde, atagwira pepala lija. Wojambula zithunzi akakuimitsa pakhomo, kumwetulira n'kwaulere, chithunzicho ayi. Munthu akati tiye ndikugulire chakumwa, mvetsera nambala ya chipinda imene akuuza weta. Panali bambo wina wa ndevu zoyera, wovina bwino ndi amayi amasiye, amene ankagulira tebulo lonse vinyo pa nambala ya a Dona. Ndinamugwira ine, chifukwa Chingerezi changa n'chochepa koma manambala ndimawamva. Usiku wotsiriza pamakhala maemvulopu a maweta ndi okonza zipinda. Upereke, ndiwo malipiro awo enieni. Za macheza, kamba za mphepo ndi za chakudya basi. Anthu amalumbirirana ubale pa tebulo, kulemberana maadiresi, koma pamakwerero otsikira sadziwananso.

Khadi yanga inali yomangirira ku bilu ya bwana. Tsiku lina mtima utandikwera ndinanyamula foni ya m'chipinda n'kuimbira ku parishi ya kwathu, komwe akazi a akatekisiti ankadziwa za mabanja onse. Ndinangomva kuti onse ali bwino. Titafika ku Durban bwanayo anakwera ali ndi pepala, chala chili pa mzere wa foniyo. Kuyambira pamenepo khadi yanga anaitseka. Bilu ndi kazitape, imanena zonse zimene wachita.

Kudya kunandivuta koposa. Kwathu wokupatsa chakumwa amayamba walawa yekha uli kuona. Kuno chakudya chinkatuluka kuseri kwa chitseko, chophikidwa ndi manja osawaona, chothiridwa mchere ndi munthu wosamudziwa mmene wagonera. Ndinkadya nthochi, malalanje ndi mazira owiritsa, zinthu zoti ndisende ndekha. Ndinaonda mpaka chitenje chinkazungulira kawiri ndi theka.

Madzulo ena anatisinthira weta. Anabwera bambo wamfupi, wa dazi, wa msinkhu ngati wa mlongo wanga wotsiriza. Pondiikira mbale ya nsomba ndinang'ung'udza ndekha kuti zinthu zake zonunkha m'nyanja. Iye anawerama ngati akukonza foloko, nkhope ili yaulemu ngati wansembe.

"Iwe mbuya, mbewa zatha m'sitima muno. Lero udya nsomba."

Ndinatembenuka. Pachifuwa panalembedwa kuti Mulenga. Mbemba! Chinyanja chake chinali cha ku Lusaka, chopindika.

"Ndani anakuveka nsapato iwe wodya anyani?" ndinatero. "Mchira waubisa kuti?"

"Ndaupinda m'thalauza. Akaona azungu andipempha chithunzi."

Ife a kum'mawa ndi Abemba tili pa chimbuya kuyambira makolo athu atamenyana n'kuleka. Mbuya wako amakutukwana pamaso, amalanda nyama m'mbale yako, ndipo sukwiya. Koma ukaferedwa ndi iye amakumba manda, ndi iye amaphika, ndi iye amakupaka ufa kumutu kuti anthu adziwe woferedwa ndi kuti useke pang'ono pakati pa misozi. M'sitima monse mwa anthu omwetulira, uyu yekha ndiye ananditchula kuti iwe, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Sanachedwe kuona kuti sindidya. Mawa lake anaima pa katebulo kake kapambali, poti ndimuone ine koma akulu ake asamuone, natsina nyama ya m'mbale yanga n'kuponya m'kamwa.

"Ndachotsa poizoni. Ngati ndifa, mkazi wanga ali ku Kasama ndi ana anayi, ukawalere."

Ndinadikira mpaka supu ya ena itatha. Sanagwe. Ndinadya. Kuyambira tsikulo mbale yanga inkafika yolumidwa pakona.

Malamulo sankalola wantchito wa m'sitima kufika kuzipinda za alendo kapena kuima nawo m'makonde. Macheza athu onse anali a pa tebulo, mawu awiri pobweretsa mbale, awiri pochotsa. Nkhani ya Dailesi ndinamuuza choncho, zidutswazidutswa, kuyambira pa supu mpaka pa tiyi. Iye ankaloledwa kutsika ku Durban, ndiye anayamba kundiimbira ku parishi pa foni ya pamsewu. Sindinangomukhulupirira. Ndinkamufunsa kuti akazi a akatekisiti amalankhula bwanji, nati amatsokomola asanayambe mawu alionse. Zinali zoona.

Ndinamufunsapo kuti munthu amatsika bwanji m'sitima nthawi yake isanakwane.

"Alipo atatu," anatero akupukuta tambula. "Wakufa, wodwala kwambiri, ndi wovuta. Iwe kufa ukukana, kudwala ndakuchiritsa ine, ndipo kuvuta sungathe. Umayenda m'mbali mwa khoma ngati mbewa zako zomwe."

Ulendo uliwonse umakhala ndi madzulo a kaputeni. Amuna amavala masuti akuda, akazi madiresi okwekwa pansi, ndipo kaputeni amaima pakhomo kugwira anthu chanza, wojambula ali pambali. A Dona ndinawaveka diresi lawo la buluu ndi mikanda. Tinali titachoka ku Durban dzulo lake, ndipo dzulolo Mulenga anatumiza weta wina ku tebulo lathu. Tsopano anabwera yekha ndi supu. Anaiika bwinobwino, yosalawa.

"Madzulo abwino, amayi," anatero. "Mwaswera bwanji?"

Supuni inandigwa m'manja. Mbemba akayamba kukupatsa ulemu, kwagwa zinthu.

"Nena."

"A Esinati anatisiya. Anadwala masiku ochepa. Anaika kale."

"Mwana?"

"A Miti anamutenga tsiku la maliro lomwelo. Akuti watha msinkhu. Kuli bambo wa ku Chipangali wabwera kale kudzaonetsa ng'ombe. Akudikira akolole."

"Unadziwa dzulo iwe."

"Dzulo ndinalibe mtima."

Anachoka ndi mbale za ena. Ine ndinakhala chowuma, manja pa nsalu yoyera ija. Oimba ankaimba, mayi wa patsidya pa tebulo ankandiuza za akamba a kuchilumba. Misozi inakana kutuluka. Malo amenewo munthu ulira bwanji?

Mulenga anabwerera atanyamula sosala yodzaza ufa wa tirigu wa kukhichini. Sanabise, sanayang'ane kwa akulu ake. Anatapa ndi dzanja n'kundipaka kumutu, pamphumi, m'masaya, akulankhula mokweza monga amachitira pamaliro kwathu.

"Mwamudya nokha mng'ono wanu, mfiti za kum'mawa inu! Mumafuna mbewa zake! Lira mbuya, ukuuma chiyani? Lira ngati kwanu!"

Ndinalira Esinati ndi dzina lake, ndi dzina la amayi athu.

Mayi wa akamba uja anakuwa. Amuna awiri anaimirira n'kumugwira Mulenga mikono, sosala inasweka. Mkulu wa maweta anafika akuthamanga, kenako alonda. Pakati pa phokosolo a Dona anandigwira dzanja, nafunsa m'Chinyanja, motsitsa mawu:

"Wafa ndani?"

"Mng'ono wanga."

Anagwedeza mutu. Zaka zonse zija pa famu anaona maliro ambiri a antchito awo, ufa ankaudziwa. Koma ofesala wa zovala zoyera atawafunsa kuti chachitika n'chiyani, iwo anati sakudziwa, wetayo wangopenga. Ndinayesa ndi Chingerezi changa kunena kuti ndi mwambo wathu, munthuyu sanandilakwire. Ofesalayo anandisisita paphewa nati ndisaope, sadzandiyandikiranso.

Mulenga anaganiza kuti akaona maliro amvetsa, kapena atithamangitsa tonse awiri. Analakwitsa. Iye anamutsekera m'chipinda chake pansi pa sitima kudikira Durban, ntchito yatha. Ine, popeza ndinkawerengedwa mlendo, ananditumizira dengu la zipatso lokutidwa pepala lonyezimira, ndi kakhadi kopepesa. Ndinakhala pabedi kuliyang'ana dengulo. Munthu wataya ntchito, mng'ono wanga ali m'dothi, mwana akumuyeza ndi ng'ombe, ine andipatsa mapeyala.

"Munadziwa inu kuti ndi ufa wa maliro," ndinawauza a Dona.

"Ukapita iwe, andisambitsa ndani?" anatero, nkhope ili kukhoma.

Ufa uja sindinasambe. M'mawa ndinawaveka a Dona, kuwakankha pa njinga yawo mpaka pa tebulo, n'kuwadulira buledi. Kenako ndinabwerera pakhomo lalikulu la chipinda chodyera, pamene kaputeni amaima. Ndinavula nsapato, kumanga chitenje m'chiuno, kukhala pansi pa kapeti n'kutambalala miyendo. Ndinayamba maliro.

Ine amene moyo wanga wonse sindinakwezepo mawu pagulu, ndinalira mpaka ophika anasuzumira. Anthu ankabwera ndi njala zawo, atavala zipewa za dzuwa, n'kupeza gogo woyera mutu akuitana akufa. Ena ankandilambalala, ena ankabwerera. Wina anandiponyera kandalama, sindinakatole. Alonda anandinyamula mwaulemu, poti mlendo sakokedwa, n'kukandisiya kuchipinda. Nthawi ya nkhomaliro anandipeza pomwepo. Adokotala a m'sitima anandipatsa piritsi loti ndigone, ndinalisunga pansi pa lilime n'kukalilavulira m'chimbudzi. Madzulo ndinabweranso. Wojambula anasamutsa makina ake, pakuti chithunzi chilichonse cha pakhomo chinkatuluka ndi mapazi anga.

Sitima ija imagulitsa chisangalalo. Woledzera amamupirira, wakuba vinyo amamupirira, koma wolira alibe pomuika. Ofesala anabwera n'kugwada pambali panga, nandifunsa chimene ndikufuna. Mawu amenewo ndinali nditawakonza.

"Pasipoti. Zambia."

A Dona sanandilankhule masiku otsalawo, kupatula kundiuza kuti ndikuwachititsa manyazi. Ndinkawasambitsabe, ndinkawapesabe. Mmawa wofika ku Durban, ndikuwamanga nsapato, anandigwira kumutu pamene panali ufa.

"Anali wamng'ono kwa iwe?"

"Wamng'ono."

"Si bwino wamng'ono kutsogola," anatero.

Mwana wawo anakwera nkhope ili psuu. Anamulowetsa mu ofesi, ndipo potuluka anandiponyera pasipoti ndi emvulopu ya malipiro osandiyang'ana. Amake anawasiya momwemo, m'manja mwa nesi wa m'sitima. Ndinatsika makwerero maso ali kwa apolisi a pageti. Mmodzi anatsegula pasipoti, anayang'ana mutu wanga, nadinda. Sindinatembenuke kuyang'ana sitima. Za a Dona sindinamvenso.

Mulenga ndinamupeza kunja kwa geti atakhalira chikwama chake.

"Taona," anatero, "ntchito ya zaka zonsezi yathera mbewa imodzi."

"Unachitiranji? Ukufuna chiyani kwa ine?"

"Iwe mbuya, mutu wako ndi wa nkhuku? Ndikanamusiya ndani akupake, kaputeni?"

Tinakwera basi imodzi mpaka ku Lusaka. Anandigulira buledi panjira, nauluma pakona asanandipatse. Chikwama changa ndinachipana ndi miyendo ulendo wonse. Mpaka lero ndimaganiza kuti mwina naye sitima inali itamukwana, anangopezera pa ine. Mwina ayi. Pa siteshoni ananditukwana komaliza n'kulowera kwa mabasi a kumpoto.

Kumudzi ndinapeza chimanga chauma m'minda, anthu akukonza nkhokwe. Manda a Esinati anali atamera kale udzu. A Miti anandilandira ndi chipewa chatsopano, akumwetulira mano onse.

"Mlamu, mwafika nthawi yabwino! Mudzadya nawo ukwati."

Dailesi anatuluka m'khichini mwawo. Ndinasiya kamwana, ndinapeza namwali wamtali kundiposa. Anagwada patali, maso pansi, nandipatsa moni ngati mlendo wa boma.

Sindinakangane nawo. Pabwalo la Angoni mkazi wamasiye sapambana mlandu wa ng'ombe. Nanenso ndinamwetulira, pajatu ndinali nditaphunzira kwa akatswiri. Ndinati mkwatibwi wa kwa Miti sangapite ku Chipangali ndi mapoto obooka, ndimutenge ku tauni akasankhe yekha ziwiya ndi nsalu, ndilipira ine. A Miti anatiperekeza mpaka pamsewu, natinyamulira chikwama.

Sitinabwerere. Ndinachita lendi chipinda ku Kapata, komboni ya ku Chipata, cha chitseko cholimba ndi mawindo a zitsulo. Ndinakagwada kwa asisitere mpaka anamulandira kusukulu. A Miti anabwera kawiri. Kachiwiri ndinawayankhira pawindo, mokweza, kuti komboni yonse imve zaka za mwanayo ndi zaka za bambo wa ng'ombe uja. Sanabwerenso, koma ine sindinakhulupirire kuti aleka. M'mawa ndinkamuperekeza Dailesi mpaka pageti la sukulu, masana ankandipeza pomwepo. Kumsika tinkapita tonse. Anzake ankacheza naye pakhomo, ine ndili pampando. Chakudya cha kwa aneba ndinkabweza.

Loweruka lina ndikukonzeka kupita kuchigayo, iye anali pamphasa ndi mabuku ake. Anandiyang'ana ndikutulutsa loko.

"Agogo."

"Ee."

"Kwa a Miti ndinkapita kuchitsime ndekha."

Ndinaima pakhomo, thumba la chimanga lili pamutu. Kunja ana a eni nyumba ankathamangitsana mumsewu, fumbi lili koboo. Dailesi sankalira, ankangondiyang'ana, ndipo kayang'anidwe kameneko ndinkakadziwa, kanali kanga ka m'sitima muja.

"Madzi ali mu ndowa," ndinatero. "Sindichedwa."

Ndinakoka chitseko, ndinakhoma, kiyi ndinamangirira pa chitenje.